Mwana Wanga, Yamba Wanyamula Chikwama

Amayi anzanga, sabata ino ndalandira kalata yochokera kwa mtsikana wina wa kwa Tengani, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndiyankhe pano poyera, pakuti nkhani imene wandifunsa si yake yekha. Dzina lake sinditchula. Mwanayu adamaliza Folomu 4 zaka ziwiri zapitazo, ndipo kuchokera nthawi imeneyo wakhala akuphoda akwatibwi ndi operekeza awo pa maukwati ndi pa zinkhoswe, kuyambira pa Boma mpaka ku Bangula. Lusoli adadziphunzitsa yekha poonera pa foni, ndipo akuti amayi ambiri amene adaona ntchito yake amamuyamikira kuti ali ndi dzanja labwino.

Tsono akuti pa Facebook wadziwana ndi bambo wina wodzitcha ejenti, amene akunena kuti amapezera ntchito atsikana ophoda ku Blantyre ngakhalenso ku Joni. Bamboyo wamuuza kuti atumize ndalama yolembetsera dzina mwezi uno usanathe, apo ayi malo ake apatsidwa kwa wina. Mayi a mwanayu avomera kugulitsa mbuzi ziwiri, zomwe ndi zokhazo zimene zidapulumuka pa madzi a namondwe Freddy mu Malichi 2023. Kalata yake ikutha ndi funso lakuti: "Kodi mayi, nditumize?"

Yankho langa ndi lalifupi. Mwana wanga, usatumize, ndipo mbuzizo zisiyeni m'khola. Koma kukuletsa kokha sikukwanira, pakuti chimene mtima wako ukufuna ndi chabwino. Kuphoda ndi ntchito yolemekezeka monga kusoka kapena kuphika, ndipo ilipo njira yoongoka yolowera m'ntchitoyi. Khala pansi ndikufotokozere.

Ejenti weniweni ndi wotani?

M'mizinda ikuluikulu monga Johannesburg, Cape Town, London ndi New York muli makampani amene ntchito yawo ndi kuimira anthu aluso: ojambula zithunzi, okonza tsitsi, oonetsa zovala ndiponso ophoda. Opanga filimu kapena otsatsa malonda akafuna wophoda, amafunsa ku kampani yotere. Ejenti ndiye amakambirana za mtengo, amakonza kalata ya mgwirizano, ndipo malipiro akachedwa ndiye amalondola. Ndalama zikafika amatapapo gawo lake, limene kawirikawiri limakhala K15 kapena K20 pa K100 iliyonse, ndipo zotsalazo amapereka kwa mwini ntchito. Uone bwino pamenepa: ejenti amadya iwe ukadya. Ukapanda kupeza ntchito, iyenso sapeza kanthu. N'chifukwa chake ejenti woona sapempha ndalama kwa munthu amene sadamupezerebe ntchito.

Chachiwiri ndi ichi. Makampani amenewa sathamangira kulemba munthu wongoyamba kumene, chifukwa mbiri yawo ili pa ntchito ya anthu amene amawaimira. Chimene amachita ndi kusunga mndandanda wa othandizira. Katswiri wawo akapeza ntchito yaikulu, monga chionetsero cha zovala pamene nkhope zofunika kuphoda ndi zambiri, amaitana ena a pa mndandandawo kuti akamuthandize. Wothandizira akaonetsa khama ndi khalidwe kwa nthawi yaitali, mpamene amayamba kutumidwa yekha. Motero ngakhale m'mizinda ya anzathuyo, munthu amalowa pa khomo limeneli atanyamula chikwama cha amene adamutsogolera.

Makomo ogogoda kuno kwathu

Kuno ku Malawi ntchito zambiri zophoda zimayenda pakamwa, kuchoka kwa munthu kupita kwa mnzake. Choncho usataye nthawi kufunafuna ofesi yokhala ndi chikwangwani chachikulu. Khomo loyamba ndi amayi amene adakhazikika kale pa ntchitoyi ku Blantyre, ku Limbe, ku Zomba ndi ku Lilongwe. Mayi wotere amatha kukhala ndi maukwati awiri Loweruka limodzi, uliwonse uli ndi operekeza asanu kapena kuposerapo, ndipo manja ake ndi awiri okha. Iyeyo akusowa wothandizira wokhulupirika monga momwe iwe ukusowera mphunzitsi. Makomo ena ndi eni saluni, ojambula zithunzi ndi mavidiyo a ukwati, obwereketsa madiresi ndi okongoletsa maholo. Anthu amenewa ndiwo amayamba kumva za ukwati, ndipo komiti ya ukwati ikawafunsa kuti, "Kodi wophoda wabwino timupeza kuti?" dzina limene atchule ndilo limapeza ntchito.

Palinso ntchito zina zimene amayi a msinkhu wanga sitidazione tili atsikana. Wailesi yakanema idayamba kuulutsa m'dziko muno mu 1999, ndipo lero tili ndi MBC, Times, Zodiak ndi ena. Oulutsa nkhani amafunika kuphodedwa asanakhale pamaso pa kamera, pakuti magetsi a mu situdiyo amaonetsa thukuta lonse. Oimba ndi makwaya amajambulitsa nyimbo zawo. Mpikisano wa Miss Malawi nawo umafuna manja ambiri. Mafilimu athu akukula: Shemu Joyah adatulutsa Seasons of a Life mu 2008 ndi The Last Fishing Boat mu 2012, ndipo filimu ya Joyce Mhango Chavula yotchedwa Lilongwe idalandira mphoto ku Nigeria mu 2016. The Boy Who Harnessed the Wind, yofotokoza moyo wa William Kamkwamba wa ku Kasungu, idajambulidwa konkuno ndi kutuluka mu 2019. Pa filimu wophoda sangokongoletsa ayi. Amafunika kudziwa kukalambitsa nkhope ya mnyamata, kuonetsa munthu ngati wodwala, ndi kubwezera nkhope monga momwe idalili dzulo, kuti zojambula za masiku awiri zioneke ngati za ola limodzi. Zoterezi suzidziwa uli wekha ndi foni. Umaziphunzira utaima pambali pa wodziwa.

Chonyamula popita kukagogoda

Mlimi akafuna kuti anthu akhulupirire ulimi wake amawaonetsa nkhokwe. Nkhokwe yako ndi zithunzi. Sankha zithunzi 10 kapena 12 zokha, zabwino koposa zonse, pakuti wotanganidwa sadzakhala pansi kuona zithunzi 100. Pa munthu aliyense jambula nkhope usanaigwire, ndipo ujambulenso utamaliza, pa kuwala kwa dzuwa, pafupi ndi zenera kapena pamthunzi. Usagwiritse ntchito zosalalitsa nkhope za mu foni. Katswiri amazizindikira pomwepo, ndipo akaziona amaganiza kuti pali chimene ukubisa. Onetsa nkhope zosiyanasiyana: wakuda bii, wofiirira, wa ziphuphu, ndi mayi wachikulire amene khungu lake lidayamba makwinya, popeza pa ukwati amayi a mkwatibwi nawonso amakhala pa mpando wako. Usaike chithunzi cha munthu usanamupemphe, makamaka cha nkhope yosaphoda. Ndipo usayese n'komwe kutenga chithunzi cha ntchito ya wina n'kunena kuti ndi yako. Anthu a ntchito imeneyi amadziwana.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene iwe uli nacho chimene anzako a ku Zomba ndi ku Dedza alibe. Ndicho kutentha kwa chigwa chathu chino. Mu Okutobala ndi Novembala dzuwa la kuno limapitirira madigiri 40, ndipo phoda wopakidwa mosadziwa amayamba kuyenderera mkwatibwi asanatuluke m'tchalitchi. Ngati iwe umatha kuphoda munthu m'mamawa, n'kukalumbira, n'kukajambulitsa padzuwa, n'kuvina perekaniperekani mpaka madzulo nkhope ili chikhalire, umenewo ndi umboni woposa pepala lililonse. Jambula mkwatibwi wako m'mawa, umujambulenso perekaniperekani akatha, zithunzi ziwirizo uziike pamodzi ndi kulemba maola ake. Usachite manyazi kunena kuti ndiwe wa ku Nsanje. Unene poyamba penipeni.

Onetsanso kuti umalemekeza khungu la munthu. Tonse tidaonapo akwatibwi a nkhope yotuwa ngati yawazidwa ufa, khosi lili lakuda, mpaka achibale kulephera kumuzindikira mwana wawo. Kwa zaka zambiri opanga zodzoladzola sankasamala za ife akhungu lakuda. Pat McGrath, yemwe lero ndi mmodzi wa akatswiri otchuka pa dziko lonse, adakulira ku Northampton ku England, ndipo adaphunzira kwa mayi ake ochokera ku Jamaica kusakaniza mitundu chifukwa yoyenera khungu lawo inkasowa m'masitolo. Mu 2021 iye adalandira ulemu wa Dame ku Britain. Mu 2017 woimba Rihanna adatulutsa faundeshoni ya mitundu 40 nthawi imodzi, ndipo makampani ena adatsatira. Komabe pa msika wa pa Boma kapena wa ku Bangula sudzapeza mitundu 40, choncho phunzira kusakaniza iwiri kapena itatu mpaka ifanane ndi khosi ndi chifuwa cha munthu. Ndipo wina akakupempha mafuta oyeretsa khungu, ukane. Ambiri mwa mafuta amenewa amakhala ndi mercury kapena hydroquinone. Amapyapyalitsa khungu, amasiya mabanga akuda, ndipo mercury amawononga impso.

Za satifiketi, ndi yothandiza ngati njira ilipo. Koma usanalipire sukulu iliyonse, funsa ngati idalembetsedwa ku TEVETA, bungwe limene lidakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Safunsa adadya phula.

Kagogodedwe kake

Sankha anthu atatu kapena anayi amene ntchito yawo waiyang'anitsitsa ndipo ukuikonda. Aliyense umulembere payekha, pomutchula dzina lake mwaulemu. Uthenga umodzi wotumizidwa kwa anthu 20 umadziwika, ndipo suyankhidwa. Usayambe ndi "Hi" n'kudikira, ndipo usaimbe foni usiku. Lachisanu ndi Loweruka ndi masiku awo otanganidwa, choncho lemba Lolemba kapena Lachiwiri. Maukwati amachuluka m'chilimwe anthu atakolola ndi kugulitsa, motero nthawi yabwino yolemba ndi pamene mvula ikupita kumapeto, iwo asanapeze wina. Mawu ake angakhale otere:

"Zikomo mayi. Ine ndine wakutiwakuti, ndimakhala ku Nsanje, ndipo ndakhala ndikuphoda akwatibwi kwa zaka ziwiri. Ndimatsatira ntchito yanu, ndipo chimene chimandisangalatsa ndi momwe mumasiyira khungu la munthu likuoneka lake lomwe. Ndikupempha mwayi wokuthandizani pa ntchito, kaya kutsuka maburashi, kunyamula katundu kapena kukonza operekeza. Ku Blantyre ndili ndi pofikira, ndipo mukandidziwitsa kutatsala masiku atatu ndingathe kufika. Ndatumiza zithunzi zisanu za ntchito yanga. Zikomo chifukwa cha nthawi yanu."

Waona kuti m'kalatamo mulibe kudandaula za umphawi kapena za madzi osefukira. Mavuto athu ndi oona, koma munthu amaitana wothandizira kuti amupepuze, osati kuti amusenzetse katundu wina. Muli choonadi chokhachokha: kumene uli, chimene ungathe, ndi nthawi imene ungafike. Ulendo wochoka kuno kudzera ku Ngabu, ku Nchalo, pa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa ndi kukwera mapiri a Thabwa ndi wa makilomita oposa 150, ndipo m'dzinja msewu umatha kuduka. Usalonjeze kufika m'mawa womwewo. Koma uwakumbutsenso kuti mtundawo ungawathandize iwo: akapeza ukwati ku Nchalo, ku Ngabu kapena kuno ku Boma, ali ndi munthu wodziwa malo, wolankhula Chisena ndi Chimang'anja, amene safunika kumulipirira galimoto kuchokera ku tauni.

Ukalemba, dikira masabata awiri. Akapanda kuyankha, kumbutsa kamodzi kokha mwaulemu, kenako usiye ndi kugogoda pena. Kukhala chete kwawo si chipongwe. Pakapita miyezi ingapo, ukakhala ndi zithunzi zatsopano zoposa zoyamba zija, ungathe kulembanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ukaitanidwa

Tsiku limene adzakuitana, ufike iwo asanafike. Vala zooneka bwino koma zosakopa maso, zikhadabo zikhale zazifupi ndi zoyera, ndipo usadzithire perefyumu wamphamvu pakuti udzakhala pafupi ndi mphuno za anthu. Foni ikhale m'chikwama. Yang'ana manja a mphunzitsi wako kuti umupatse chimene akufuna asanachitchule. Ukaona kuti walakwitsa penapake, umunong'oneze pambali, osati pamaso pa mkwatibwi.

Ukhondo usauchepetse. Mu 2024 matenda a maso ofiira adafala m'maboma ambiri m'dziko muno, ndipo burashi imodzi kapena wanja mmodzi woyenda m'maso mwa anthu asanu ndi wokwanira kudwalitsa operekeza onse. Samba m'manja pochoka kwa munthu kupita kwa wina, tsuka maburashi ndi sopo n'kuwaumitsa bwino, ndipo lipisitiki uzitapa ndi kachipangizo koyera m'malo moiyendetsa pa milomo ya aliyense.

Pali machimo awiri amene sakhululukidwa pa ntchitoyi. Loyamba ndi kupereka nambala yako kwa makasitomala a amene wakuitana. Mlendo akakufunsa, umuuze kuti alankhule ndi mwini ntchito. Kuchita mwina ndi kukolola m'munda mwa amene wakubwereka khasu. Lachiwiri ndi pakamwa. M'chipinda chovalira mkwatibwi mumamveka zambiri: misozi, mikangano ya ankhoswe, ngongole za komiti, ngakhale mimba yobisika. Zimene wamva m'menemo zithere momwemo, ndipo usaike chithunzi chilichonse pa Facebook kapena pa WhatsApp popanda chilolezo. Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata.

Za malipiro

Kufunsa za malipiro si mwano, koma ufunse usanakwere minibasi, osati ntchito itatha. Pa maulendo oyamba ukhoza kulandira ya thiransipoti ndi chakudya chokha, ndipo zimenezi si zachilendo pakuti ukulandiranso maphunziro. Koma mugwirizane kuti zidzatero kangati. Kuthandiza kwaulere kopanda malire si kuphunzira ayi, ndi kudyeredwa masuku pamutu. Zimene mwagwirizana zilembedwe ngakhale mu uthenga wa pa foni, ndipo ndalama ikadzera pa Airtel Money kapena pa Mpamba, uthengawo usaufufute. Gula kope lolembamo tsiku, malo, amene udamuthandiza ndi chimene udachita. Pakutha pa chaka kope limenelo lidzakulankhulira kwa ejenti aliyense.

Tsiku likadzafika lakuti kampani yoona ikufuna kukuimira, usasaine tsiku lomwelo. Tenga pepalalo upite nalo kunyumba. Ufunse mafunso anayi: adzatapapo zingati pa K100 iliyonse, mgwirizanowo ndi wa nthawi yaitali bwanji, adzakulipira patapita masiku angati ntchito itatha, ndipo kodi ukuloledwa kupitiriza kuphoda akwatibwi ako a kumudzi popanda iwo kutapapo. Ukaonetse pepalalo ku ofesi ya zantchito ya pa Boma kapena kwa munthu wodziwa kuwerenga zotere. Woona mtima sadzakwiya ndi mafunso amenewa.

Tibwerere kwa bambo uja

Tsono muyeze bambo wa pa Facebook uja ndi zimene ndanenazi. Wapempha ndalama ntchito isanaoneke. Wakuika pa liwiro kuti usapeze nthawi yofunsa. Sadakuuze kumene kuli ofesi yake, ngati kampani yake idalembetsedwa ku boma, kapena dzina la wophoda ngakhale mmodzi amene amamuimira woti ungamuimbire foni. Mufunse zinthu zitatu zimenezi, ndipo udzaona momwe mawu ake adzasinthira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndipo kutaya mbuzi ndi tsoka laling'ono poyerekeza ndi lina limene limabisala m'malonjezo otere. Mu 2024 wailesi ya BBC idaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi amene adatengedwa ndi maejenti kupita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, koma atafika adalandidwa mapasipoti ndi kugwiritsidwa ntchito ngati akapolo m'nyumba za anthu. Dziko lathu lili ndi lamulo la 2015 loletsa kuzembetsa anthu, ndipo ife a kuno, amene chipata cha Marka chili pakhomo pathu, tiyenera kukhala maso koposa. Aliyense wopempha zithunzi za thupi lako pamene ntchito yako ndi ya manja, wokuitanira ku malo ogona alendo kuti mukakambirane, wofuna kusunga chiphaso chako, kapena wokuuza kuti usauze makolo, ameneyo umuthawe ndipo ukanene ku polisi. Pokakumana ndi munthu koyamba, kukhale masana, pamalo poonekera, ndipo upite ndi mnzako kapena mbale.

Mawu kwa inu mayi ake

Inu mayi, ndikukuthokozani chifukwa simudanyoze luso la mwana wanu. Makolo athu ankadziwa kuti kukongoletsa namwali ndi ntchito ya anthu odziwa. Ankamudzoza mafuta a nsatsi ndi kumuveka mikanda, ndipo wochita zimenezo ankalemekezedwa m'mudzi. Zipangizo zasintha, koma ntchito ndi yomweyo. Ngati mtima wanu ukufunadi kumuthandiza ndi mbuzizo, dikirani kufikira tsiku limene mayi wodziwika, amene inu mwalankhula naye pa foni ndipo mukudziwa kumene amagwirira ntchito, adzamuitana. Pamenepo gulitsani imodzi, ikhale ya maburashi abwino ndi ya ulendo wopita ndi wobwerera. Inayo itsale kuti khola lisafe. Konzaninso pofikira pake kwa mbale wodalirika, ndipo mudziwe tsiku limene abwerere.

Kwa iwe mwana wanga, ntchito ya mwezi uno ndi iyi: sankha zithunzi zako, ulembe makalata atatu, ndipo Loweruka likubwerali uphode mkwatibwi amene ali pamaso pako ngati kuti katswiri wa ku Blantyre waima kumbuyo kwako. Ukalandira yankho, labwino kapena loipa, undilemberenso. Amayi anzanga amene muli ndi ana a luso lotere, muwawerengere tsamba lino. Tidzachezanso sabata yamawa.